Gulani la timu kaye achemwali, za cholinga tidzakambirana

Pali imelo yomwe yakhala mu foni mwanga kuyambira sabata yatha, ndipo nthawi zonse ndikayamba kuiyankha ndimaona kuti yankho latalika kuposa momwe imelo imayenera kutalikira, ndiye ndangoti ndilembe pano tonse tiwerenge. Yachokera kwa achemwali ena amene amagwira ntchito pa shopu ya zomangira ku Limbe. Awakweza kumene kukhala supavaiza wa anzawo omwe anayamba nawo ntchito limodzi, ndalama yomwe ali nayo ndi ya buku limodzi basi, ndiye akufunsa kuti agule la katsogoleredwe ka timu kapena la kupeza cholinga cha moyo, poti masiku ano akadzuka m'mawa amadzifunsa ngati kugulitsa simenti ndi malata ndi zimene anabadwira.

Achemwali, zikomo polemba, ndipo tikuyamikireni pa kukwezedwako, ngakhale ndikudziwa kuti zomwe akuwonjezerani pa salale mwina sizikukwana ndi thumba limodzi lomwe la simenti yomwe mukugulitsayo. Funso lanuli landidzutsira zakale zomwe ndimaganiza kuti zinagona, ndiye mundipirire, ndilankhula zambiri.

Ine ndinagwirapo ntchito pa kampani ina yosindikiza cha ku Ginnery Corner, dzina sinditchula chifukwa eni ake alipobe ndipo timapatsana moni tikakumana ku maukwati. Ndinalowa ngati wothandizira pa makina odulira mapepala, kenako anandisamutsira ku kompyuta kukapanga madizaini, kenako tsiku lina Lachisanu bwana anangondiitana mu ofesi n'kunena kuti kuyambira Lolemba anthu onse a ku makina aziyankha kwa iwe. Basi. Kalata panalibe, maphunziro panalibe, ngakhale kuwaitana anthuwo n'kuwauza pamaso panga sanachite, anangowasiya kuti amve mphekesera. Ndipo anthu ake si ana ayi. Panali madala ena amene anayamba kuyendetsa makina osindikizira ine ndisanalowe sitandade 1, panali anyamata a ku Ndirande omwe tinkaweruka nawo limodzi n'kumanena bwana miseche njira yonse mpaka pa siteji, panalinso mayi ena a kosokera mabuku amene ankasunga kope la banki mkhonde ya pa ntchito ndipo ankadziwa ngongole ya munthu aliyense, yanga yomwe.

Nthawi yake inali yoipanso, kumayambiriro kwa 2019, chisankho cha pa 21 May chikuyandikira. Amene munali mu geni ya zosindikiza mukukumbuka. Maposita, makalenda, timapepala togawa pa misonkhano, aliyense wofuna ukhansala kapena uphungu amabwera madzulo kufuna zake zituluke mawa m'mawa, theka la ndalama adzapereka "akawina". Magetsi akuzimazima, jenereta ikufuna dizilo, inki yachedwa pa boda ya Mwanza. Ndipo titangoti tipume, khoti linathetsa zotsatira za upulezidenti pa 3 February 2020, chisankho china n'kudzachitika pa 23 June corona ili mkati, mpungwepungwe womwe uja kuyambiranso.

Miyezi yoyamba ija ndi imene ndinayamba kudzifunsa funso lanu lomweli ndendende. Kodi ine ndinabadwira kununkha inki? Ndipo zinangochitika kuti ku tchalitchi kwathu gulu la achinyamata linali likuwerenga The Purpose Driven Life la Rick Warren, m'busa wa ku California uja, buku la 2002 lomwe analikonza kuti uziwerenga mutu umodzi pa tsiku kwa masiku 40. Tinkakumana Lachitatu madzulo, wina awerenge, tikambirane, tipemphere, ndimabwerera kunyumba ku Chilomoni mtima uli m'malo. Bukulo sindikulinyoza, linandithandiza pa zina za ine ndi Mulungu wanga zomwe si za pano. Koma Lachinayi m'mawa ndimafika ku ntchito n'kupeza madala akhala pa chitini cha inki, manja apinda, makina sanayatse chifukwa ovataimu ya mwezi watha sinalowe, anyamata nawo aima kumbuyo kwawo kudikira aone kuti "bwana wamng'ono" atani. Pa mitu 40 yonse ija panalibe ndi umodzi womwe wondiuza kuti ndiyambe ndi kupereka moni kapena ndiyambe ndi kufunsa za oda ya makalenda yomwe mwini wake akubwera 10 koloko.

Chomwe chinandithandiza chinachokera kwa mayi a ku akaunti, munthu wosalankhulalankhula, amene tsiku lina anangoika buku patebulo panga n'kuti mukatha mubweze, si langa. Linali The Five Dysfunctions of a Team la Patrick Lencioni, nalonso la 2002, lopyapyala, ndipo gawo lalikulu ndi nthano chabe ya mayi wina amene wapatsidwa kampani ya zamakompyuta ku America yomwe mabwana ake onse ndi anzeru koma zinthu sizikuyenda. Kumapeto ndi komwe amafotokoza matenda asanu a timu, ndipo chomwe ndinakonda n'chakuti amaonetsa momwe nthenda ina imabalira inzake. Pansi penipeni pali kusakhulupirirana, kwakuti munthu sangayerekeze kunena kuti apa sindikudziwa kapena apa ndaphonya. Anthu osakhulupirirana amaopa kutsutsana poyera, ndiye mitingi imatha aliyense atangogwedeza mutu. Chinthu chomwe sunaikepo maganizo ako sumadziperekapo, umangochita kuti bwana aone. Ndipo ngati tonse sitinadzipereke, ndani angafunse mnzake kuti bwanji sunachite zomwe tinagwirizana? Mapeto ake aliyense amangosamala zake, dzina lake, ovataimu yake, zotsatira za gulu zilibe mwini.

Ndikuwerenga ndinkaseka ndekha mu minibasi chifukwa ungaganize kuti munthuyu anakhalapo pa mitingi yathu ya Lolemba. Ife Amalawi timakonda kunena kuti mutu umodzi susenza denga, koma lowani mu mitingi ya pa ntchito mu Blantyre muno muone ngati si mutu umodzi womwe ukulankhula kuyambira pemphero lotsegulira mpaka lotsekera. Pali funso? Zii. Tonse tamva? Tamva bwana. Kenako mitingi yeniyeni imachitikira kuseri kwa jenereta nthawi ya tiyi, kumene anthu amanena zoona zake, kuti pepala lomwe agulali ndi lopyapyala lizikodwa mu makina, kuti oda imeneyi singatuluke Lachitatu ngakhale titagona pompano. Zonsezi amazidziwa Lolemba m'mawa, koma iwe supavaiza umazimva Lachitatu madzulo kasitomala ali pakhomo galimoto osazimitsa.

Koma ndisakunamizeni kuti bukuli mungolitenga n'kulithira pa shopu yanu momwe lilili. Analembera anthu a kumene mwana wa zaka 25 amatha kuuza bwana wa imvi pagulu kuti mukulakwitsa, n'kupita limodzi kukamwa khofi. Kuno yesani muone. Madala aja ndikanawatsutsa pamaso pa anyamata sakanandiyankha n'komwe, akanangoti chabwino bwana, ndipo makina akanayamba "kuvuta" sabata yonse popanda amene angapeze chavuta. Kutsutsana kwathu kumalowera khomo la kuseri, ndiye supavaiza azikatsegula yekha khomolo osadikira kuti aligogode. Ine ndinayamba kulawira n'kukakhala nawo madalawo pa makina anthu asanabwere, moni, kunyumba kwadzuka bwanji, mwendo uja mukupeza bwanji, kenako n'kuti abambo, oda iyi inu mukuiona bwanji, tingathe? Ali okha amanena zonse mosabisa, nthawi zina mpaka kundikalipira. Ndiye pa mitingi ndimangoti abambo anandiunikira zakutizakuti, tafotokozani anzathu amve. Ulemu wawo wasungika, zoona zatuluka. Chinanso chomwe palibe buku linandiuza, pa mitingi muziyamba kufunsa wamng'ono kwambiri, amene wabwera kumene, chifukwa wamkulu akangoyankhula koyamba nkhani yatha, palibe mwana amene adzanene zosiyana ndi zomwe anena akulu.

Pali mayi wina wa ku yunivesite ya Harvard, Amy Edmondson, amene m'zaka za m'ma 1990 anafufuza magulu a anamwino ndi madokotala m'zipatala za ku America, kuona kuti amalakwitsa kangati popereka mankhwala. Ankayembekezera kuti magulu ogwirizana bwino apezeka ndi zolakwika zochepa, koma mapepala anaonetsa zotembenuka, magulu abwinowo ndi amene anali ndi zolakwika zambiri zolembedwa. Atayang'anitsitsa anaona kuti sikuti ankalakwitsa kwambiri, ankangonena akalakwitsa, pomwe enawo ankabisa poopa kukalipiridwa. Tsopano ganizani za shopu yanu achemwali. Mnyamata wakweza matumba 52 pa lole m'malo mwa 50, wazindikira loleyo itadutsa kale pa Kanjedza. Ngati amakuopani sanena, mudzazimva pa kuwerenga sitoko kumapeto kwa mwezi, aliyense akulozana zala ndipo bwana akuti adula nonse pa salale. Ngati sakuopani akuuzani pompo, muimbira kasitomala foni, matumba awiriwo abwerera kapena alipiridwa, nkhani yatha tsiku lomwelo. Nkhope yomwe mudzaonetse koyamba munthu akadzabwera ndi nkhani yoipa ndi imene idzaweruze ngati adzabwerenso.

Tsopano za mabuku a cholingawa

Apa ndiye ndikwiyitsa anthu ena, kaya. Ndakhala ndikuziona zimenezi kwa zaka ndipo ndafika potopa nazo. Anthu ambiri mu tauni muno amene akuti ataya cholinga cha moyo sanataye kanthu, angotopa. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, salale ili pomwe paja kapena yakwera pang'ono pongopepesa, lendi yakwera, minibasi ya ku Bangwe yakwera, shuga nthawi zina kumusowa m'mashopu dziko lolima nzimbe. Munthu wagwira ntchito kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, bwana amamukalipira pamaso pa makasitomala, pofika pa 15 ali kale kwa wa katapila, ndiye akadzuka m'mawa n'kumva kuti moyo ulibe tanthauzo wina akumuuza kuti vuto ndi lakuti sanapeze cholinga chake, agule buku. Ayi ndithu. Munthuyo akufunika tulo, ndalama yokwanira ndi bwana woleka kukuwa.

Ndipo pamwamba pa mabukuwo pamera geni ina yonse. Kumapeto kwa mwezi sipalephera kukhala seminala mu hotelo ina yake, tikiti yodula kuposa ndiwo za sabata, wolankhula wavala suti yothina, maikolofoni kukhutu, akukuuza kuti uli ndi ukulu mkati mwako ndipo kugwirira ntchito munthu wina ndi ukapolo. Ambiri amangobwereza zomwe anamva kwa malemu Myles Munroe, mlaliki wa ku Bahamas amene anamwalira pa ngozi ya ndege mu November 2014. Mwini wakeyo sindilimbana naye, anali mphunzitsi waluso, koma otsanzira ake a kuno anangotengako mawu okoma n'kusiya zina zonse. Mukawafunsa kuti inuyo mwayang'anirako anthu angati, mwalipirako salale ya ndani mwezi womwe kasitomala sanalipire, mupeza kuti geni yawo yonse ndi seminala yomweyo. Iwo cholinga chawo anachipeza kale, ndi thumba lanu.

Mmodzi mwa anyamata a ku Ndirande aja anapita ku seminala yotere. Anabwera Lolemba ali wina, akuti iye ndi chiwombankhanga sangamakhale ndi nkhuku, n'kusiya ntchito mwezi womwewo osadikira ndi bonasi yomwe ya Khirisimasi. Mnyamata waluso, ankadziwa kusakaniza mitundu ya inki ndi diso lokha. Tindalama tomwe anali nato anagulira kapulinta n'kuchita lendi kachipinda cha ku msika, makasitomala alibe, womuthandiza alibe, ndipo pasanathe chaka kapulintako kanali kwa munthu wa ngongole. Lero akuyendetsa njinga yamoto ya kabaza ya eni ake, ndipo tikakumana pa Wenela timacheza bwinobwino koma nkhani imeneyi sitiikhudza. Sindikuti munthu asamayambe zake ayi, ine ndemwe pano ndili ndi kanga. Koma ana omaliza ku MUBAS, ija tinkaitchula kuti Poly mpaka 2021, akuyenda ndi maenivelopu mu Victoria Avenue mpaka nsapato kutha, ndiye inu muli ndi ntchito, akukwezani kumene, buku lizikunong'onezani kuti mwina si kuno? Buku lotere ndi loopsa kuliwerenga mwezi woyamba wa usupavaiza, chifukwa mwezi woyamba aliyense amafuna kuthawa, ndipo bukulo limangokupatsa chifukwa chooneka chauzimu chothawira.

Mukukumbukira March 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ndinali komweko masiku otsatira, alamu anga amakhala cha kumeneko. Panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene ankadzifunsa kuti ndinabadwiranji, aliyense ankadziwa chomwe wadzukira, kukumba, kunyamula, kuphika phala pa sukulu pomwe anthu anathawira. Chimene chinkasowa ndi munthu woti anene kuti inu kumbani apa, inu pitani ku Queens mukafufuze maina, makasu akatha ntchito abwere pano, agogo awa sanadye kuyambira dzulo. Pomwe panapezeka munthu wotero, nthawi zambiri mayi wa Mvano kapena tcheyamani wa komiti ya maliro, zinthu zinkayenda. Pomwe panalibe, anthu amtima wabwino ankangopondana. Kuyambira pamenepo munthu akandiuza kuti dziko lino likusowa anthu odziwa cholinga chawo ndimangomuyang'ana, ine amene ndinawasowa ndi odziwa kugawa ntchito popanda kunyoza munthu.

Buku limodzi lokha la mbali imeneyi ndi lomwe ndimaliika padera, Man's Search for Meaning la Viktor Frankl, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Vienna amene anatsekeredwa m'misasa yozunzirako anthu ya a Nazi a ku Germany, Auschwitz yomwe, n'kutulukamo atataya mkazi wake, makolo ake ndi mchimwene wake. Linatuluka mu 1946. Ameneyu sakulonjezani galimoto kapena kuti mudzakhala munthu wamkulu. Iye amati tanthauzo munthu amalipeza m'njira zitatu, mu ntchito yomwe akuchita, mwa munthu amene akumukonda, komanso m'mene akusenzera mavuto omwe sangawathawe. Palibe mwa zitatuzi yomwe imafuna kuti usiye kaye ntchito ukadzifufuze ku hotelo. Nditaliwerenga ndinakumbukira madala a makina aja. Tsiku lina usiku tikudikira magetsi ndinawafunsa kuti abambo, zaka zonsezi simutopa nayo ntchito imodzimodzi? Anandiyang'ana modabwa kuti mwanayu akufunsa chani, n'kutenga kalenda imodzi pa mulu, kundionetsa ndi tochi ya foni pomwe mitundu inayi ya inki yakumana ndendende osataya ndi pang'ono pomwe, nkhope ya munthu yaonekadi ya munthu. Anati izi mu Blantyre muno tilipo ochepa otha kuzichita pa makina okalamba ngati awa, ndipo ana anga onse aphunzira ndi zimenezi. Kenako anafunsanso za ovataimu yawo.

Zomwe mabuku onse awiri sakuuzani

Ovataimuyo, poti ndaitchula. Supavaiza ali pakati, pamwamba bwana pansi anzake, ndipo mbali zonse zimamuganizira kuti ndi kazitape wa mbali inayo. Nkhani ya madala ija inatha nditapita kwa bwana ndi pepala osati madandaulo, ndinalemba maola awo, ndinalemba oda zomwe zichedwe makina akapanda kuyaka ndi ndalama zomwe kampani itaye makasitomala akathawa. Mwini bizinesi ukamuuza kuti anthu akudandaula amangoti adandaule, koma ukamuonetsa manambala amavala magalasi. Ndalama inalowa Lachisanu lake, ndipo zoti "bwana wamng'ono" zija zinathera pomwepo.

Kwa inu vuto lalikulu sabata zikubwerazi likhala anzanu omwe munayamba nawo limodzi aja. Wina adzabwera mochedwa n'kukumwetulirani poganiza kuti ndinu omwe aja. Wina adzakupemphani kuti mumulembere kuti anabwera tsiku lomwe sanabwere. Wina adzangosiya kukuyankhulani basi musanamulakwire kanthu, chifukwa ankaona kuti udindowo unali wake. Ndipo mukangokondera mmodzi, kaya ndi wa mpingo wanu kaya ndi wakumudzi kwanu, ena onse aona tsiku lomwelo. Za ndalama ndiye samalani kwambiri. Musabwereke kwa munthu amene mukumuyang'anira, ngakhale 5 sauzande ya thiransipoti, chifukwa tsiku lomwe mudzafune kumufunsa za sitoko yosowa adzakuyang'anani ndi maso okukumbutsani. Ine ngongole yanga ya ku banki mkhonde ndinathamangira kuibweza mwezi woyamba womwewo, tinadya masamba okhaokha kunyumba mpaka ana kudandaula, koma mayi aja ndinatha kuwauza kuti mabuku awa mwasoka mokhota, mubwereze.

Inu mulinso ndi china chomwe ine ndinalibe, ndinu mayi pa shopu ya zomangira. Abwera makontilakita kukupezani mwaima pa kauntala n'kufunsa kuti bwana ali kuti, ndipo anyamata anu adzakhala akuyang'ana pansi kubisa kuseka. Musakalipe, sizithandiza. Ingodziwani katundu kuposa wina aliyense mu shopumo, kusiyana kwa simenti ya 32.5 ndi ya 42.5 ndi pomwe iliyonse imagwira ntchito, malata a geji 28 ndi a geji 32, misomali yokwanira pa denga la malata angapo. Tsiku lomwe mudzamuuze mmisiri kuti zomwe walemba pa pepalazo sizimukwanira, n'kubweradi mawa kudzawonjezera, anyamata anu omwewo ndi amene adzayambe kuuza makasitomala kuti funsani amayiwo.

Ndiye pali za maliro, zomwe wolemba za timu wa ku America sangaziganize n'komwe. Munthu wanu akuti amalume amwalira ku Mulanje, akufuna masiku atatu, ndipo ndi amalume achitatu chaka chino. Mukakana ndinu mfiti, shopu yonse ikudani. Mukangovomera chilichonse mudzatsala nokha pa kauntala Loweruka la kumapeto kwa mwezi. Chomwe ndinaona chikugwira ntchito ndi kukhala pansi nonse pasanagwe maliro aliwonse n'kugwirizana kuti wapafupi ndi ndani, masiku angati, chipepeso timasonkha zingati ndipo ndani amapita kukaimira shopu, mulembe mu kope aliyense aone, bwana nawo asainepo. Zikagwa simukuweruzanso munthu amene ali ndi chisoni, mukungotsegula kope. Ndipo pa maliro enieni a munthu wanu pitani ndithu, ngakhale kungokafika pa siwa n'kubwerera usiku womwewo, adzakumbukira zimenezo mitingi zanu zonse ataiwala.

Aaa, ndisanaiwale, za kogula. Mabuku atsopano adula zedi chifukwa ambiri amachokera kunja, ndi nkhani ya madola yomwe ija. Anyamata oyala mabuku m'mbali mwa msewu mu tauni amakhala nawo a mtundu umenewu, ena akale enieni ena ofotokopa, ndiye musanalipire tsegulani pakati ndi kumapeto muone ngati masamba alipo onse, chifukwa la Lencioni mukalipeza lopanda masamba omaliza mwagula nthano yokha. A za cholinga achikhristu anthu amakafunsa ku shopu ya mabuku ya CLAIM, koma kunena zoona mukangofunsa pa gulu la WhatsApp la ku tchalitchi kwanu wina ali nalo pa shelefu likuchita fumbi, analiwerenga mpaka tsiku la 9 n'kusiya. N'chifukwa china ndikuti ndalama yanuyo musaiike kumeneko, la cholinga limabwerekeka mosavuta, la timu ndi losowa ndipo mudzafuna kulibwerera n'kumalembamo ndi bolopeni m'mbali. Za ma PDF ozungulira pa WhatsApp sindiyankhulapo, ndine munthu wa zosindikiza, mukudziwa kale mbali yomwe ndili.

Ndiye yankho lake, poti ndazungulira kwambiri. Gulani la timu, la Lencioni mukalipeza, mukalisowa lililonse lomwe likukamba za mitingi, kugawa ntchito ndi kudzudzula munthu osamuchotsa ulemu. La Frankl mudzabwereke pakatha miyezi 6. Funso lija likadzakhala lilipobe mukugona tulo tokwanira ndipo timu ikuyenda, ndiye kuti ndi funso lenileni, mudzandilemberenso tikambirane za kuchoka.

Ndipo musanatsegule lililonse mwa mabukuwa, werengani Employment Act ya 2000 yokamba za malamulo a ntchito, ili pa intaneti pa MalawiLII yaulere. Ndi youma, mugona nayo tulo, koma mmenemo ndi momwe muli zoti ntchito ya pa sabata isapitirire maola 48, zoti wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 18 pa chaka ndipo wa masiku 5 ali ndi 15, komanso gawo 57 lomwe limati munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka ndiponso asanapatsidwe mpata wodziteteza pa zomwe akumuneneza. Masupavaiza atsopano amatumidwa ndi bwana kuti kamuuze uyo asabwerenso mawa, iwo n'kukanenadi, ndipo nkhani ikafika ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya pa ntchito, wodandaula amatchula dzina la amene anamuuza mawuwo. Bwana akadzakutumani zimenezo apempheni mwaulemu kuti aike pa kalata, asaine okha.